Magazi akapanda kuonetsa kutupa, kodi ndiye kuti si multiple sclerosis?

Thokozani:
Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha amene amagwira ntchito m'chipatala kapena mu labotale kuti andithandize kumvetsa za kuyeza magazi pa matenda a multiple sclerosis, omwe madokotala amawatchula mwachidule kuti MS. Mchemwali wanga wamng'ono, yemwe ali ndi zaka 27, anayamba kuona mwachimbuuzi ndi diso lakumanzere, disolo linkapweteka akaliyendetsa, ndipo zinthu zofiira zinkaoneka ngati zasuluka. Dokotala wa maso anati mtsempha wa diso watupa. Atamujambula ndi makina a MRI panaoneka timadontho toyera mu ubongo, ndipo tsopano akufuna kumutenga madzi a mumsana chifukwa akukayikira MS. Chimene chatisokoneza ndi chakuti zotsatira za magazi zatuluka bwino zonse: CRP ndi yotsika, ESR ili pamalo pake, maselo oyera nawonso sanakwere. Abale ena akunena kuti ngati kutupa kulipodi magazi akanaulula, ndiye palibe chifukwa chomubayira singano kumsana. Kodi maganizo amenewa ndi olondola?

Bambo Gondwe:
A Thokozani, pepani ndi matendawo. Ine ntchito yanga ndi ya mu labotale, choncho ndiyankha mbali ya miyezo iwiriyo, zinazo adzafotokoza madokotala. CRP ndi puloteni yomwe imapangidwa ndi chiwindi, ndipo chiwindicho chimaipanga yambiri chikalandira uthenga kudzera m'magazi, makamaka kuchokera ku kachinthu kotchedwa interleukin 6 komwe maselo achitetezo amatulutsa akakhala pa nkhondo. Mwa munthu wathanzi imakhala pansi pa mamiligalamu 5 pa lita m'malabotale ambiri, koma pa chibayo kapena matenda ena aakulu oyambitsidwa ndi mabakiteriya imatha kupitirira 100 m'masiku awiri okha. ESR ndi muyezo wakalekale. Timathira magazi m'kachubu kakang'ono kakatali, timakaimika chilili, ndipo pakatha ola limodzi timawerenga mamilimita amene maselo ofiira atsika, n'kusiya madzi achikasu pamwamba. Mapuloteni a kutupa akachuluka, maselo ofiira amamatirirana ndipo amatsika mwamsanga.

Miyezo yonse iwiriyi imaona zimene zikuchitika m'magazi oyenda m'thupi lonse. Siinena kumene kutupa kuli, siinenanso chimene chakuyambitsa, ndipo ESR imakweranso chifukwa cha kuchepa kwa magazi, pakati, ngakhale ukalamba. Ngati uthenga wa kutupa sunafike ku chiwindi mokwanira, ife mu labotale tilemba kuti zonse zili bwino, ndipo tidzakhala tikunena zoona pa chimene tayezacho.

Dokotala Nyirenda:
Bambo Gondwe ayala maziko abwino. A Thokozani, yankho lachidule ndi lakuti maganizo a abale anuwo si olondola, ngakhale kuti ndi omveka. Mwa odwala MS ambiri, CRP ndi ESR zimakhala bwinobwino ngakhale pa nthawi imene matendawo akuwononga. Chifukwa chake chili pa malo amene kutupako kumachitikira. Pa MS, maselo achitetezo a munthu mwiniyo amawononga myelin, chikuta chamafuta chomwe chimakuta mitsempha ya mu ubongo, ya mumsana ndi ya maso. Ziwalo zimenezi zinatchingidwa ndi khoma la maselo othithikana kwambiri lomwe limalekanitsa magazi ndi ubongo. Maselo achitetezo amaboola khomalo m'malo ang'onoang'ono, nthawi zambiri mozungulira kamtsempha kakang'ono ka magazi, ndipo bala limene limapangika limangokhala mamilimita ochepa. Zili ngati moto woyaka m'chipinda chotseka cha m'kati mwa nyumba yaikulu: katundu wa m'chipindamo akupsa ndithu, koma wodutsa panjira saona utsi. Bala la mamilimita ochepa pa mtsempha wa diso likhoza kulanda munthu kuona, koma silikwanira kudzutsa chiwindi.

Ndionjezepo mfundo yomwe anthu ambiri sayiyembekezera. Mchemwali wanuyo akanakhala ndi CRP kapena ESR yokwera kwambiri, ine ndikanayamba kukayikira kuti mwina si MS. Ndikanaganizira za matenda opatsirana, kutupa kwa mitsempha ya magazi, sarcoidosis, lupus kapena matenda a Behçet, pakuti onsewa amatha kusiya madontho mu ubongo koma amakhudzanso thupi lonse. Choncho zotsatira zimene mwalandirazo sizikutsutsa zimene madokotala akukayikira, koma zikugwirizana nazo.

Mphatso:
Zikomo a Dokotala. Ine ndine wophunzira za udokotala, ndipo ndikufuna ndifunse za muyezo wina womwe ndawerenga m'malipoti angapo a kafukufuku. Amatenga chiwerengero cha maselo oyera otchedwa neutrophil n'kuchigawa ndi chiwerengero cha ma lymphocyte, ndipo yankho lake amalitcha NLR. Ofufuza ena apeza kuti nambala imeneyi imakhala yokwererapo mwa anthu amene angoyamba kumene kudwala MS poyerekeza ndi anthu athanzi, komanso pa nthawi imene matendawo abuka. Chimene chikundikopa ndi chakuti manambala awiriwo amapezeka kale pa pepala la zotsatira za magazi lomwe labotale iliyonse imatha kutulutsa. Ngati ndi choncho, sitinganene kuti magazi saonetsa kalikonse. Mwina timangoyang'ana pa mzere wolakwika.

Bambo Gondwe:
A Mphatso, malipoti amenewo alipodi, koma tiyeni tisiyanitse zinthu ziwiri. Kunena kuti gulu la odwala, mukaliwerengera pamodzi, lili ndi nambala yokwererapo kuposa gulu la athanzi, n'kosiyana ndi kunena kuti nambalayo ingakuuzeni za munthu mmodzi amene wakhala patsogolo panu. Magulu awiriwo amalowana kwambiri: athanzi ambiri ali ndi NLR yoposa ya odwala MS ambiri. Komanso nambalayi imagwedezeka ndi zinthu zosawerengeka. Chimfine, kusuta fodya, kunenepa, kuthamanga musanatengedwe magazi, zonsezi zimaisintha. Choopsa kwambiri ndi ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa. Wodwala amene matenda amubukira nthawi zambiri amapatsidwa steroid wamphamvu wotchedwa methylprednisolone kwa masiku atatu kapena asanu, ndipo mankhwalawa amakweza ma neutrophil n'kutsitsa ma lymphocyte m'maola ochepa. Mukatenga magazi tsiku lotsatira mupeza NLR ili m'mwamba, koma mukuyeza mankhwala, osati matenda. Mankhwala ena a MS, monga fingolimod ndi dimethyl fumarate, amatsitsanso ma lymphocyte.

Palinso nkhani ya chibadwa. Anthu ambiri a makolo a ku Africa maselo awo ofiira alibe puloteni yotchedwa Duffy, ndipo anthu otere amakhala ndi ma neutrophil ochepa m'magazi chibadwire, popanda vuto lililonse pa thanzi lawo. Malire a NLR amene anawerengedwa pa anthu a ku Ulaya sangangotengedwa n'kuikidwa pa iwo.

Mphatso:
Mfundo ya ma steroid ndi ya Duffy ndazimva, Bambo Gondwe. Koma kodi sizingatheke kuyerekeza munthu ndi iye mwini, kuti tizitsatira NLR yake pakapita nthawi m'malo momuyerekeza ndi gulu?

Mayi Nachisale:
Ndiloleni ndilowererepo monga munthu amene ndikukhala ndi matendawa. A Mphatso, magazi anga amayezedwa kawirikawiri chifukwa cha mankhwala amene ndimamwa, ndipo manambala a maselo oyera amakwera ndi kutsika popanda kugwirizana ndi mmene miyendo yanga ikumvera. Koma ndikufuna ndiuze a Thokozani kuti CRP ili ndi ntchito yake, ngakhale si yopezera matendawa. Nthawi ina mwendo wanga wakumanja, womwe unachitapo dzanzi kale, unalemeranso moti phazi linkakhula pansi poyenda, ndipo ndinali wotsimikiza kuti matenda abukanso. Dokotala asanalembe ma steroid anayamba wandiyeza kutentha kwa thupi, mkodzo ndi CRP. Anapeza kuti ndinali ndi matenda a m'chikhodzodzo, omwe ineyo sindinkawamva bwino chifukwa mitsempha ya kumeneko inafooka. Nditalandira mankhwala opha mabakiteriya, mwendo unabwerera mmene unalili. Anandifotokozera kuti mtsempha wokhala ndi chipsera umalephera kutumiza uthenga thupi likatentha, choncho zizindikiro zakale zimabwerera popanda bala latsopano. Ndikanalandira ma steroid pa nthawi imeneyo, akanafooketsa chitetezo changa matenda a m'chikhodzodzowo ali m'kati.

Dokotala Nyirenda:
Mayi Nachisale, zimene mwafotokozazi n'zofunika kwambiri. Kubwerera kwa zizindikiro thupi likatentha kumadziwika ndi dzina la dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, yemwe mu 1890 analemba za odwala amene ankaona mwachimbuuzi akachita zolimbitsa thupi, ndipo n'chifukwa chake timati matenda abukadi pokhapokha zizindikiro zitakhala maola osachepera 24 munthu alibe kutentha thupi kapena matenda opatsirana. A Mphatso, funso lanu la kutsatira munthu mmodzi ndi loyenera kufufuzidwa, koma pakali pano palibe ndondomeko yovomerezeka imene imalola kusintha mankhwala a wodwala chifukwa cha NLR, ndipo ine sindingachite zimenezo.

Thokozani:
Ndathokoza nonse. Ndawerengera abale anga zimene mwalembazi ndipo mitima yayamba kutsika. Koma m'bale wina wapeza pa intaneti kuti tsopano kuli muyezo wa magazi wotchedwa neurofilament womwe akuti umaonetsa MS zaka zambiri zizindikiro zisanayambe. Ngati ndi zoona, bwanji osangoyeza umenewo m'malo mwa singano ya kumsana, yomwe mchemwali wanga akuiopa kwambiri?

Dokotala Nyirenda:
Muyezowo ulipodi, ndipo pa zonse zimene zikufufuzidwa m'magazi, ndi umene wapita patsogolo kwambiri. Neurofilament light chain, kapena NfL, ndi puloteni yomwe imalimbitsa ulusi wa m'kati mwa mtsempha. Ulusiwo ukawonongeka, puloteniyi imatayikira m'madzi a mu ubongo ndi mumsana, ndipo kagawo kakang'ono kamafika m'magazi. Kagawoko n'kochepa zedi, moti kwa zaka zambiri kunalibe makina otha kukaona m'magazi mpaka pamene kunabwera njira zatsopano monga ya Simoa. Taonani kuti NfL siyeza kutupa kwenikweniko, koma imayeza kuwonongeka kumene kutupako kwasiya.

Nkhani ya zaka zambiri ija inachokera kwa asilikali a ku United States. Asilikaliwo amatengedwa magazi kawirikawiri poyeza HIV, ndipo magazi otsala amasungidwa. Gulu la ofufuza a ku Harvard, lotsogozedwa ndi Alberto Ascherio, linabwerera ku magazi osungidwawo, ndipo mu 2020 linalengeza kuti mwa asilikali amene anadzadwala MS, NfL inali itakwera kale zaka pafupifupi 6 chizindikiro choyamba chisanaoneke. Mu 2022 gulu lomwelo linatulutsa kafukufuku wamkulu m'magazini ya Science, wokhudza asilikali oposa 10 miliyoni. Mwa odwala 801 amene magazi awo anaunikidwa, mmodzi yekha ndi amene analibe chizindikiro cha kachirombo ka Epstein-Barr matendawo asanayambe, ndipo chiopsezo cha MS chinakwera ka 32 munthu akatenga kachiromboka. NfL inkayamba kukwera pambuyo potenga kachiromboka, osati asanakatenge. Kwa ine izi zinasintha mmene ndimaonera chiyambi cha matendawa: tsiku limene diso lachita chimbuuzi si tsiku limene matenda ayamba, koma ndi tsiku limene afika pamalo amene munthu angawamve.

Komabe NfL singalowe m'malo mwa madzi a mumsana, pa chifukwa chimodzi chachikulu: imakwera pa chilichonse chowononga mitsempha. Sitiroko, kuvulala mutu, matenda ofooketsa minofu otchedwa ALS, ngakhale matenda a mitsempha ya m'miyendo, zonse zimaikweza. Imakweranso ndi msinkhu, imakwera impso zikafooka, ndipo imaoneka yotsika mwa anthu onenepa, n'chifukwa chake mu 2022 ofufuza a ku Basel anatulutsa ndondomeko yoyerekezera zotsatira za munthu ndi za anzake a msinkhu ndi thupi lofanana. Wodwala MS weniweni akhozanso kukhala ndi NfL yabwinobwino matenda akakhala phee. Phindu lake lili pa munthu amene tikudziwa kale kuti ali ndi MS: ikakwera imatichenjeza kuti mitsempha ikuwonongeka, ndipo imatsika mankhwala akamagwira ntchito. Palinso puloteni ina, GFAP, yochokera ku maselo othandizira mitsempha, yomwe ikufufuzidwa pa mtundu wa MS umene umangokulirakulira pang'onopang'ono.

Chikondi:
A Dokotala, ngati kachirombo ka Epstein-Barr kali ndi mphamvu choncho, kodi abale a wodwala asayezetse kuti adziwe ngati ali pa chiopsezo?

Dokotala Nyirenda:
Ayi, a Chikondi, kuyezetsako sikungawathandize. Anthu akuluakulu pafupifupi 95 pa 100 alionse padziko lapansi anatenga kale kachiromboka, ambiri ali ana, pamene odwala MS padziko lonse ankawerengeredwa kuti ndi pafupifupi 2.8 miliyoni mu 2020. Pafupifupi aliyense adzapezeka nako, ndipo pafupifupi onsewo sadzadwala MS. Zikuoneka kuti kachiromboka kamafunika kuti matenda ayambe, koma pakokha sikakwanira. Pamakhalanso chibadwa, makamaka jini yotchedwa HLA-DRB1*15:01 yomwe imakweza chiopsezo pafupifupi katatu, kuchepa kwa vitamini D, kusuta fodya ndi kunenepa kwambiri pa unyamata.

Bambo Gondwe:
A Thokozani, ndifotokoze chimene timayang'ana m'madzi a mumsana, kuti mchemwali wanu adziwe chimene singanoyo ikukafuna. Tsiku lomwelo adzatengedwanso magazi, chifukwa zinthu ziwirizi zimayezedwa mogundizana. Timadontheza madzi a mumsana ndi madzi a m'magazi moyandikana pa kachipepala kokhala ngati phula lofewa, timadutsitsa magetsi, ndipo ma antibody, omwe ndi mapuloteni achitetezo cha thupi, amafola malinga ndi mtundu wawo. Mwa munthu wathanzi mbali zonse ziwiri zimaoneka zofanana, zopanda mizere yooneka. Mwa wodwala MS, mbali ya madzi a mumsana imatuluka ndi timizere takuda tiwiri kapena kuposa, tomwe ku mbali ya magazi kulibe. Timizere timeneti ndi ma oligoclonal band, ndipo timapezeka mwa odwala MS pafupifupi 9 pa 10 alionse. Tanthauzo lake ndi lakuti ma antibody akupangidwa kuseri kwa khoma limene a Dokotala anatchula lija, osati m'magazi. Apa m'pamene mungaone kuti kusapezeka kwa timizere m'magazi ndi mbali ya umboni womwewo: timizereto tikanaoneka mofanana mbali zonse ziwiri, tikanati chitetezo chadzuka m'thupi lonse, ndipo tikanayang'ana kwina.

Timawerenganso maselo oyera m'madziwo. Pa MS amakhala ochepa, ndipo akapitirira 50 pa mayikulolita imodzi dokotala amayamba kuganizira matenda ena.

Dokotala Nyirenda:
Zimenezi zimagwirizana ndi mfundo zotsimikizira matendawa, zotchedwa mfundo za McDonald, zomwe zinatuluka koyamba mu 2001 n'kukonzedwanso mu 2005, 2010, 2017 ndi 2024. Kuyambira mu 2017, timizere ta m'madzi a mumsana timalola dokotala kutsimikiza MS pa kubuka koyamba, ngati MRI ikuonetsa mabala m'malo oyenera, m'malo modikira kuti munthu adwalenso kachiwiri. Kukonza kwa 2024 kunavomereza muyezo wa tizidutswa ta ma antibody totchedwa kappa free light chain, womwenso umayerekeza madzi a mumsana ndi magazi, ndipo kunaika mtsempha wa diso pa malo amene amawerengedwa. CRP, ESR, NLR ndi NfL sizili pa mfundo zotsimikizirazo.

Koma ndisasiye gululi likuganiza kuti magazi alibe mawu pa chiyambi cha matendawa. Kwa munthu amene watupa mtsempha wa diso, muyezo wa magazi umene ndimaulemekeza kuposa yonse ndi wa antibody yolimbana ndi puloteni yotchedwa aquaporin 4, yomwe inatulukiridwa ndi Vanda Lennon ndi anzake ku Mayo Clinic mu 2004. Ikapezeka, matendawo si MS koma neuromyelitis optica, yomwe kale inkasokonezedwa ndi MS. Kusiyanitsaku n'kofunika pa moyo wa wodwala, chifukwa mankhwala ena a MS, monga interferon beta, natalizumab ndi fingolimod, amatha kuikulitsa neuromyelitis optica, ndipo kubuka kwake kumodzi kokha kukhoza kusiya munthu wakhungu kapena wopuwala. Matendawa amapezeka kwambiri mwa anthu a makolo a ku Africa ndi ku Asia kuposa mwa azungu, choncho sitiyenera kuwadumpha. Palinso antibody yolimbana ndi puloteni ya mu myelin yotchedwa MOG, yomwe imasonyeza matenda achitatu, osiyana ndi awiriwo. Kenako timayeza HIV, chindoko, vitamini B12, ndipo kumene kachirombo ka HTLV-1 kamapezeka timayezanso kameneko, pakuti zonsezi zimatha kuvala nkhope ya MS.

Mphatso:
Ndikuvomereza zonsezi, a Dokotala, koma ndikadali ndi chodandaula. MRI, timizere ta m'madzi a mumsana, aquaporin 4 ndi NfL zimafuna makina omwe zipatala zambiri padziko lapansi zilibe. Wodwala wa kumalo otere amakhala zaka akuuzidwa kuti magazi ake ali bwino ndipo alibe vuto. N'chifukwa chake sindikufuna kuti miyezo yosavuta itayidwe isanafufuzidwe mokwanira.

Dokotala Nyirenda:
Dandaulo lanu ndi loona, a Mphatso, ndipo kafukufuku apitirire. Koma taonani chimene chimamupweteka wodwala amene mwamutchulayo. Sakusowa nambala ina ya m'magazi, koma akuvutika chifukwa wina wakhulupirira kuti magazi abwino amatanthauza ubongo wabwino. Kumuonjezera muyezo wosadalirika kudzabala zolakwika ziwiri: wodwala weniweni wa NLR yotsika adzabwezedwanso kunyumba, ndipo munthu wa NLR yokwera chifukwa cha chimfine adzapatsidwa dzina la matenda a moyo wonse, mwinanso mankhwala ofooketsa chitetezo. Kumene makina kulibe, chida champhamvu ndi mbiri ya wodwala ndi kumupima mosamala. Wachinyamata, makamaka wamkazi, pakuti akazi amadwala matendawa kawiri kapena katatu kuposa amuna, amene diso limodzi linachita chimbuuzi kwa milungu n'kuchira, kenako patapita miyezi n'kuchita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, kapena amene amamva ngati magetsi akuyenda mumsana akaweramitsa khosi, ayenera kutumizidwa kumene kuli MRI ngakhale CRP yake itakhala yotsika motani. Jean-Martin Charcot anafotokoza matendawa mu 1868 popanda muyezo uliwonse wa magazi wa masiku ano.

Bambo Gondwe:
Nditsirize ndi pempho kwa madokotala ndi ophunzira amene muli muno, lokhudza nthawi yotengera magazi. Ngati n'kotheka, magazi oyezera aquaporin 4 ndi MOG atengedwe wodwala asanalandire ma steroid, makamaka asanasefedwe madzi a m'magazi, chifukwa chithandizo chimenechi chikhoza kutsitsa ma antibody mpaka zotsatira n'kutuluka ngati palibe. Izi sizikutanthauza kuchedwetsa chithandizo, koma kutenga kachubu kamodzi dripu isanalumikizidwe. Ma antibody awiriwa amayezedwa bwino m'magazi kusiyana ndi m'madzi a mumsana, ndipo MOG ikatuluka mofooka mwa munthu amene zonse zikusonyeza MS yodziwika bwino, zotsatirazo zikhoza kukhala zonama. Ngati mankhwala aperekedwa kale, lembani pa fomu dzina lake ndi tsiku limene anayamba, kuti amene akuwerenga ma neutrophil okwerawo adziwe kumene achokera.